Wodula nzimbe akaweruka amakagona kuti? Za nyumba za antchito a nyengo ndi udindo wa khonsolo

Mvula ikangokata cha mu Epulo, pa Dwangwa pamasintha. Madzulo kumaoneka utsi wa minda ya nzimbe imene yatenthedwa kuti idulidwe m'mawa mwake, mathirakitala ndi malole amalimbirana msewu wa M5 ndi akabaza, ndipo tizipinda ta lendi ta kuseli kwa magolosale timayamba kusowa. Amene amadzaza tizipindato si onse a m'boma la Nkhotakota. Ena amachokera m'maboma oyandikana nawo, ena kutali kum'mwera, ndipo cha mu Novembala kapena Disembala, fakitale ikaima, ambiri amamanga katundu n'kubwerera kwawo.

Akuluakulu adati mlendo ndi mame. Koma mame awa amatha miyezi isanu ndi iwiri kapena kuposerapo, amatunga pamjigo, amadwala malungo, ena amabwera ndi ana oyenera sukulu, ndipo chaka chamawa amabweranso. Za kumene amagona, ndi za amene ayenera kuwakonzeratu malo, anthu amazikumbukira pakagwa zovuta: kolera ikabuka, kapena madzi akasefukira monga zidachitikira pa Dwangwa kumapeto kwa Febuluwale 2024. Apo m'pamene wina amaloza kampani, wina khonsolo, wina mafumu, ndipo womvera amangoti kakasi chifukwa aliyense akumveka ngati akunena zoona. Chisokonezo chambiri chimachokera pa mawu angapo amene timangowasakaniza. Tiwatenge limodzilimodzi.

Waganyu, wa sizoni, tenanti

Pakamwa pathu onsewa ndi antchito a kumunda, koma pa nkhani ya pogona ndi anthu atatu osiyana.

Waganyu amagwira ya tsiku kapena ya ndime: kupalira, kuwokera mpunga ku Bua kapena ku Lifuwu, kutola thonje ku Salima, kudula nzimbe m'munda wa mlimi wamng'ono. Akatsiriza ndime amalandira zake, basi. Kawirikawiri sipakhala chikalata, ndipo mwini munda safunsa n'komwe kumene munthuyo akagone. Wa sizoni amasaina mgwirizano wa miyezi yodziwika ndi kampani kapena esiteti, dzina lake limalowa m'kaundula, ndipo amalandira malipiro pa tsiku loikika. Tenanti ndi wa ku fodya, ndipo nkhani yake ndi yaitali, tiipatsa malo ake patsogolopa.

Lamulo la zolembana ntchito la 2000 limazindikira mitundu itatu ya mgwirizano: wopanda malire a nthawi, wa nthawi yoikika, ndi wa ntchito imodzi yodziwika. Limanenanso chinthu chimene antchito ambiri sachidziwa, chakuti munthu akamalembedwa ndi bwana yemweyo sizoni ndi sizoni motsatizana, miyezi yonse imene wagwira imaphatikizidwa ngati ntchito yosadukiza. Tsono ngakhale lamulo limavomereza kuti munthuyu si mame.

Kusiyana kwa atatuwa kuli ngati kwa ogulitsa pamsika. Wa sitolo, wodulitsa ziphaso amamudziwa ndi dzina. Wa pabenchi amamudziwa ndi nkhope. Woyenda ndi lichero pamutu samuwerenga, ngakhale kuti nayenso amamwa madzi a pamsikapo ndi kulowa m'chimbudzi chomwecho. Pa nkhani ya nyumba, wa lichero ndiye waganyu, ndipo ndiye wovuta kumukonzera pulani chifukwa palibe buku limene lili ndi dzina lake.

Komanso "nyengo" si imodzi. Nzimbe zimafuna anthu m'chilimwe. Fodya amawafuna kuyambira pa nazale cha mu Ogasiti kapena Seputembala, kudutsa dzinja lonse, mpaka msika utatsegulidwa cha mu Epulo. Mpunga ndi thonje zimafuna manja ambiri pa masika. Gulu lina likamanyamuka lina limakhala likufika, ndipo safikira pamalo amodzi.

Nyumba ya tenanti ndi lamulo la 2021

Kuti timvetse chifukwa chake nyumba ya wantchito wa kumunda idazolowereka kukhala chisakasa, tibwerere m'mbuyo. M'nthawi ya atsamunda, makamaka m'madera a Thyolo, Mulanje ndi Chiradzulu, munthu wokhala pa esiteti ya mzungu ankalipira malo ogonawo ndi thukuta lake. Imeneyo ndiyo thangata, imene idali chimodzi mwa zifukwa za kuukira kwa John Chilembwe mu 1915, ndipo idathetsedwa mwalamulo mu 1962. Chimene chidatsalira m'maganizo n'chakuti pogona ndi ntchito ndi chingwe chimodzi: ikaduka ntchito, pogona padukanso.

M'zaka za m'ma 1970 ndi 1980, malamulo ankalola maesiteti okha kulima fodya wa bale ndi wa fuluu, ndipo maesitetiwo adachuluka kwambiri m'chigawo chapakati, kuphatikizapo kumtunda kwa Nkhotakota ndi Salima. Ntchito yambiri ankagwira ndi matenanti. Banja linkatengedwa kum'mwera, kumene malo olima ndi ochepa, n'kupatsidwa munda pa esiteti. Feteleza, mbewu ndi chimanga chodya zinkabwera pangongole. Fodya ankagulitsidwa kwa mwini esiteti yekha, pamtengo umene mwiniyo wanena, ndipo malipiro ankabwera kamodzi sizoni ikatha, atachotsapo ngongole zonse. Nyumba tenanti ankadzimangira yekha, ya mitengo, dothi ndi udzu, pafupi ndi chigafa. Sankaika mtima pa kumanga yolimba, poti chaka chamawa mwina sadzakhalapo, ndipo mwini esiteti naye sankamanga poti tenanti pa pepala sadali wantchito wake.

Bilu yofuna kuika malamulo pa utenanti idakhala ikukambidwa kuyambira m'zaka za m'ma 1990 osadutsa ku Nyumba ya Malamulo. Mu Novembala 2019, dziko la America lidalamula kuti fodya wochokera ku Malawi azigwidwa kaye pa madoko ake chifukwa cha nkhawa za ntchito yokakamiza ndi yogwiritsa ana. Mu 2021 aphungu adasintha lamulo la zolembana ntchito n'kuletsa utenanti. Kuyambira pamenepo, wolima fodya m'munda wa mwini esiteti ayenera kukhala wantchito wolandira malipiro.

Apa m'pamene ambiri amaganiza kuti nkhani ya nyumba idatheranso pomwepo. Ayi. Lamulolo lidasintha kalipiridwe, koma munthu wochokera ku Phalombe wodzathyola fodya ku Mwansambo akufunabe denga. Kale linali denga lodzimangira pa malo a bwana. Lero ndi wantchito, ndiye funso lasanduka lakuti dengalo ndi gawo la malipiro, ndi udindo wa bwana, kapena ndi zake za wantchito monga zilili kwa kalaliki wa m'tauni. Zili ngati nkhuku imene yamasulidwa chingwe koma khola silinamangidwe.

Pulani ya khonsolo: si imodzi, ndi ziwiri

Anthu akamati "khonsolo ikonze pulani", ambiri amaganiza kuti akutanthauza kuti khonsolo imange nyumba. Ntchito yaikulu ya khonsolo pa nkhaniyi si kuumba njerwa. Ndi kudziwa kuti kukubwera anthu angati, kunena pamene angakhale ndi pamene sangakhale, kuvomereza kapena kukana zomangamanga, kuyendera zaukhondo, ndi kuonetsetsa kuti madzi, chipatala ndi sukulu zikwanira. Zimenezi zimadutsa m'mapulani awiri osiyana.

Yoyamba ndi pulani ya chitukuko cha boma lonse. Idabwera ndi ndondomeko ya mphamvu ku anthu ndi lamulo la maboma ang'ono, zonse za 1998. Imayambira pansi: komiti ya chitukuko ya kwa gulupu, imene timaitcha VDC, imalemba zosowa za midzi yake. Zimenezo zimapita ku ADC, komiti ya dera la mfumu yaikulu, kenako kwa akatswiri a ku ofesi ya bwanamkubwa, ndipo pamapeto pake makhansala amavomereza pa msonkhano wa khonsolo yonse. Pulaniyi kawirikawiri imakhala ya zaka zisanu, ndipo imatsamira pa buku lina lofotokoza mmene boma lilili: anthu alipo angati, mijigo ingati, makalasi angati.

Dongosololi lidayenda mopunduka kwa nthawi yaitali. Makhansala oyamba adasankhidwa mu 2000, nthawi yawo idatha mu 2005, ndipo dziko lidakhala opanda makhansala mpaka 2014. Zaka zisanu ndi zinayi zimenezo khonsolo zinkayenda popanda anthu osankhidwa oti azifunsa mafunso.

Tsono taonani pamene wantchito wa nyengo amagwera. VDC imasankhidwa ndi eni mudzi. Zosowa zimene imalemba ndi za eni mudzi. Wobwera wa lendi sakhala pa bwalo pamene akusankha pakati pa mlatho ndi mjigo, ndipo ngati adalembetsa mavoti kwawo, khansala wa pano alibe naye ngongole. Chiwerengero chimene khonsolo imagwiritsa ntchito chimachokera ku kalembera, amene amachitika kamodzi pa zaka khumi. Wa 2018 adapeza anthu 393,077 ku Nkhotakota ndi 478,346 ku Salima. Manambala amenewo ndi chithunzi cha masabata ochepa. Sauza munthu kuti pa malo akutiakuti anthu amachuluka mu Juni n'kuchepa mu Januwale. Amayi ophika pa ukwati amadziwa bwino vutoli. Ukayeza ufa powerenga a pabanja okha, osawerenga obwera pa lole, nsima imathera pakati pa mzere, ndipo wolakwa amaoneka ngati wogawa.

Yachiwiri ndi pulani ya kagwiritsidwe ntchito ka malo, ya mapu: apa nyumba, apa msika, apa manda, apa dzala, apa osamangapo. Pansi pa lamulo lakale la 1988, mapulani otere ankakhudza kwenikweni matauni ndi madera ena olengezedwa. Lamulo latsopano la 2016 lidati dziko lonse la Malawi ndi loyenera kukonzedwa mwa pulani, n'kupatsa makhonsolo udindo wokonza mapulani a madera awo ndi kuvomereza zomanga. Pa pepala, ndilo khomo limene khonsolo ingalowere pofunsa mwini ntchito kuti: mukutsegula minda ya mahekitala ochuluka chonchi, antchito anu akagona kuti? Koma mapu safuna lamulo lokha. Amafuna oyeza malo, akatswiri a pulani, galimoto ndi mafuta, ndipo malo ochitira malonda monga Dwangwa adakula kale mapuwo asanafike. Kukonza pulani pamalo pomangidwa kale kuli ngati kupanga mizere m'munda umene chimanga chamera kale chofesa.

Nthaka imene nyumbayo yakhalapo ndi ya yani?

Funso ili ndilo limasankha amene ali ndi mawu. Wantchito wa nyengo amagona pa malo amodzi mwa atatu.

Ena amagona m'nyumba za kampani, pa malo a lizi, kutanthauza malo amene boma lidabwereketsa kwa zaka zodziwika. Maesiteti ambiri a fodya adatenga lizi wa zaka 21. Esiteti ya shuga ya Dwangwa idatsegulidwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970 pa malo amene padalibe tauni, motero idayenera kumangidwa pamodzi ndi midzi ya antchito, zipatala ndi sukulu. Fakitale ya ethanol idawonjezereka mu 1982, ndipo kampani ya Illovo idatenga esitetiyo kuchokera ku kampani ya Lonrho mu 1997. Ku Salima fakitale ya shuga ndi yaposachedwa, idayamba kugaya mu 2016. Pa malo a lizi mwini ntchito ndiye amamanga ndi kusamalira. Khonsolo ndi ofesi ya zantchito amalowamo ngati oyendera.

Ena amachita lendi m'midzi ndi pa malo a malonda ozungulira esiteti. Ambiri mwa malowa ndi a makolo, amene mafumu akhala akugawa, ngakhale kuti malamulo a malo a 2016 adabweretsa makomiti a zamalo ndi mwayi woti banja lilembetse malo ake. Apa landilodi ndi munthu wamba amene adaona mpata n'kumanga mdadada wa zipinda zisanu ndi chimodzi za njerwa zosawotcha, chimbudzi chimodzi kuseli. Sitingamunyoze msanga. Iyeyu ndiye akupereka denga limene wina aliyense sanapereke, ndipo ndalama ya lendiyo ndi imene ikuphunzitsa ana ake. Koma amadziwa kuti chipinda chikhala chopanda munthu miyezi inayi kapena isanu, ndiye samawonongerapo simenti.

Achitatu amagona m'zisakasa m'mphepete mwa munda momwemo, makamaka aganyu a mpunga, a fodya ndi a thonje.

Pali chinanso chimene chasintha chithunzichi. Nzimbe za ku Dwangwa sizichokera m'minda ya kampani yokha. Gawo lina limalimidwa ndi alimi ang'onoang'ono ndi apakati kudzera m'mabungwe awo, ndipo odula m'minda imeneyo angalembedwe ndi mlimi, ndi bungwe, kapena ndi kontilakitala. Nzimbe zonse zimakathera pa sikelo imodzi, koma mabwana a odulawo ndi ambirimbiri. Mukati "bwana amange nyumba", bwana wake uti? Mlimi wa mahekitala awiri sangamange komboni.

"Nyumba yoyenera" imatanthauzanji

Tikamva mawu akuti nyumba timaganiza za malata. A zaumoyo amayamba kuganiza za madzi ndi chimbudzi, ndipo pa nkhani ya antchito a nyengo iwowa ndi amene ali pafupi ndi mtima wa vuto.

Bungwe la dziko lonse loona za ntchito, ILO, lidatulutsa malangizo a nyumba za antchito mu 1961. Si lamulo lomanga dziko lililonse, koma ndi muyeso umene ambiri amatengera. Limati pamene antchito akugonekedwa pamodzi, aliyense akhale ndi pogona pakepake, amuna ndi akazi akhale kosiyana, pakhale madzi abwino, zimbudzi, ngalande, mpweya wokwanira ndi pophikira. Limanenanso mfundo imene imadabwitsa ambiri, yakuti si bwino kwenikweni kuti bwana akhalenso landilodi wa wantchito wake, pokhapokha ngati ntchito ili kutali ndi kumene anthu amakhala. Chifukwa chake tachiona kale pa thangata. Munthu amene akudziwa kuti akadandaula za malipiro banja lake ligona panja, sadandaula.

Kuno kwathu nkhaniyi idamwazikana m'malamulo angapo. La zaumoyo wa anthu, lochokera m'nthawi ya atsamunda mu 1948, limapatsa maboma ang'ono mphamvu yochitapo kanthu pa nyumba zauve kapena zothithikana moti n'kuika moyo pachiswe. La chitetezo ndi umoyo pa malo a ntchito ndi la 1997, ndipo amaliyang'anira ndi a unduna wa zantchito. La pulani latchulidwa kale. Lililonse lili ndi ofesi yake, woyendera wake ndi bajeti yake. Wa zantchito amaima pa geti la esiteti. Wa zaumoyo amayenda m'mudzi. Chipinda cha lendi cha wodula nzimbe chili pakati pa awiriwa.

Nambala imodzi ikuthandizani kuona kukula kwake. Muyeso umene a zamadzi amatsata ndi wakuti mjigo umodzi uzitumikira anthu 250. Mudzi wa anthu 250 ukalandira obwera 150 kwa theka la chaka, pa buku mudziwo uli ndi madzi okwanira, koma pa mjigo pali mzere kuyambira mbandakucha, zitsulo zimatha msanga, ndipo wotopa ndi mzere amakatunga mu ngalande yothirira kapena kunyanja. Kumeneko n'kumene likodzo ndi matenda otsegula m'mimba amadikirira. Mliri wa kolera umene udayamba mu Malichi 2022 n'kupitirira mpaka 2023 udapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo maboma a m'mphepete mwa nyanja, Salima ndi Nkhotakota ali momwemo, adavutika kwambiri. Kolera safunsa kuti uyu ndi nzika, uyu ndi wobwera. Ichi n'chifukwa chake nkhani ya pogona pa antchito si ya antchito okha.

Za dambo

Nzimbe ndi mpunga zimakonda chigwa, ndipo wantchito amafuna kugona pafupi ndi munda poti ntchito imayamba kusanache. Malo otsika mtengo omangapo zipinda za lendi amakhalanso otsika kwenikweni, momwe madzi amadutsa. Madzi a Febuluwale 2024 adathamangitsa anthu zikwizikwi m'dera la Mfumu Kanyenda n'kudula msewu wa M5, ndipo chaka chomwecho nyanja idakwera n'kulowa m'nyumba za m'mphepete. Mapu a khonsolo angathe kulemba kuti apa pasamangidwe. Chovuta n'chakuti ukaletsa m'munsi uyenera kusonyeza malo kumtunda, ndipo kumtundako kuli eni ake, ena mwa iwo ochokera m'mabanja amene adasamutsidwa kale pamene minda ya nzimbe inkatsegulidwa.

Alipire ndani

Khonsolo ili ndi matumba awiri akuluakulu. Loyamba ndi ndalama zimene imatolera yokha: ziphaso za m'misika, malayisensi a mabizinesi, ndi msonkho wa nyumba m'madera amene adaikidwa kuti azilipira. Lachiwiri ndi zochokera ku likulu, za zaumoyo, maphunziro, ulimi ndi chitukuko, ndipo chiwerengero cha anthu ndi chimodzi mwa zimene amayang'ana pogawa. Misonkho ikuluikulu imene kampani ndi antchito ake amalipira imapita ku bungwe lotolera misonkho la MRA, n'kukalowa m'thumba la dziko lonse. Ndiye kampani ikati "ife msonkho timalipira" ikunena zoona, ndipo khonsolo ikati "ndalamazo sizifikira kuno" ikunenanso zoona.

Njira zimene zimakambidwa zilipo zingapo, ndipo iliyonse ili ndi minga yake. Ina ndi yoti wolemba anthu ambiri azimanga yekha, ndipo khonsolo isavomereze munda kapena fakitale yatsopano popanda kuona pulani ya pogona. Ubwino wake, wolipira ndi amene akupindula ndi thukutalo, ndipo woyendera amadziwa khomo logogoda. Kuipa kwake, imamanganso pogona ku ntchito, siikhudza aganyu a alimi ang'onoang'ono, ndipo olemba ntchito amati mtengo ukakwera adzachepetsa anthu kapena kubweretsa makina.

Ina ndi yoti khonsolo ipatule malo, iyeze mapuloti, ilambule misewu, ibweretse madzi, anthu azimanga okha nyumba za lendi motsata muyeso. Si yachilendo, ndi mmene madera ambiri a nyumba m'mizinda yathu adayambira. Wantchito amakhala mfulu, ndipo lendi imatsala m'manja mwa anthu a m'deralo. Koma imafuna malo ndi chipukuta misozi kwa eni ake, ndipo zaonekapo m'matauni kuti mapuloti okonzera osauka amathera m'manja mwa amene ali nazo kale.

Yachitatu ndi yosamanga chatsopano, koma kukonza zimene zilipo: kulemba m'kaundula nyumba za lendi, kulamula chiwerengero cha zimbudzi pa mdadada uliwonse, kuwonjezera mijigo ndi mipopi pamene obwera amachuluka. Ndi yotsika mtengo kuposa zinazo. Koma landilodi akakakamizidwa kumanga chimbudzi cha simenti amakweza lendi, ndipo anyamata amene ankagona awiri m'chipinda amayamba kugona asanu. Palinso ena amene amati vuto si nyumba koma mayendedwe: lembani anthu a m'midzi yapafupi, muziwanyamula pa lole m'mawa ndi madzulo. Zimatheka pamene anthu apafupiwo alipo okwanira ndipo akuifuna ntchitoyo, poti kudula nzimbe si ntchito imene aliyense amaithamangira.

Mwina wina angati kuyang'anira anthu obwera ndi kupita n'kosatheka. Ku Salima komweko kuli chitsanzo chosonyeza kuti n'zotheka. Chilumba cha Mbenje, m'dera la Mfumu Makanjira, chimatsekedwa m'dzinja n'kutsegulidwa cha mu Epulo, ndipo asodzi amene amakakhala kumeneko amatsata malamulo a mfumu ndi komiti yake, monga loletsa mowa. Tsiku lofika ndi lodziwika, lochoka ndi lodziwika, wolamula ndi mmodzi. Kungoti chilumba chili ndi madzi mbali zonse ndipo mabanja sapitako. Pa Dwangwa munthu amatsika minibasi nthawi iliyonse, ali ndi mkazi ndi mwana kumsana.

Zimene sizinayankhidwe

Choyamba ndi kuwerenga. Makampani ali ndi kaundula wa antchito awo, mabungwe a alimi ali ndi wawo, nyakwawa zimadziwa alendo a m'midzi yawo, alangizi a zaumoyo amayenda khomo ndi khomo. Kodi ndani angasonkhanitse zonsezi kuti khonsolo idziwe chiwerengero cha mwezi ndi mwezi, ndipo kulemba alendo kungachitike bwanji osasanduka chida chowathamangitsira kapena chowadulitsa ndalama?

Nanga muyeso ukhale umodzi kwa kampani yaikulu ndi kwa mlimi wa mahekitala awiri? Ukakhala umodzi, wamng'ono sangaukwanitse. Ukakhala wosiyana, ntchito yodula idzangosamukira kwa makontilakitala kumene muyeso ndi wofewa.

Tikumangira munthu mmodzi kapena banja? Chipinda chogona amuna okhaokha n'chotchipa, koma dziko lino likudziwa kale zimene zimachitika m'mabanja bambo akachoka miyezi yambiri, kuyambira nthawi ya Wenela ndi Theba, pamene amuna ankapita ku migodi ya ku Joni. Banja likabwera, pafunika desiki ku sukulu, ndipo mwana amene wayamba temu kwawo n'kudzaitsirizira kuno, mphunzitsi wake amuwerengera kuti? Akazi nawo akugwira ntchito m'mindamu. Pogona pawo, posamba pawo ndi chitetezo chawo usiku zimakambidwa mochepa kwambiri.

Nyumbazo zizichita chiyani miyezi imene eni ake kulibe? Ena amati zingakhale pothawira madzi akasefukira, popeza dzinja ndiyo nthawi imene odula nzimbe amakhala atapita. Ngati n'choncho ziyenera kumangidwa pamtunda, kutali ndi munda, ndiye tabwereranso ku funso la lole.

Masomphenya a Malawi 2063 akufuna ulimi wa malonda, minda ikuluikulu ndi mafakitale, ndipo Salima ndi Chipoka zili pa mndandanda wa malo ofuna kukwezedwa kukhala mizinda. Zikatheka, obwera adzachuluka kuposa lero. Kodi pogona pawo padzalembedwa pamodzi ndi ngalande ndi mapampu pamene munda ukuyezedwa, kapena padzaganiziridwa anthu atafika kale? Ndipo pa msonkhano wa khonsolo umene udzakambe zimenezi, mpando wa wodula nzimbe udzakhala wa yani: wa bungwe la antchito, wa khansala amene iye sadamuvotere, kapena wa nyakwawa imene idamulandira ngati mlendo?